Ukonde wa “inde” ndi “ayi”: chifukwa chake ofufuza za maganizo amayamba apeka odwala

Pali pepala la mafunso 20 limene bungwe la WHO linakonza, lotchedwa SRQ-20. Mafunso ake ndi achidule. Kodi mutu umakupwetekani kawirikawiri? Kodi mumavutika kugona? Manja amanjenjemera? Mukumalira kuposa kale? Mumangokhala wotopa nthawi zonse? Funso lililonse yankho lake ndi inde kapena ayi, basi. Pepalali linamasuliridwa m’Chichewa n’kuyesedwa pa amayi a ana aang’ono ku Malawi, ndipo zotsatira za kafukufukuyo zinasindikizidwa mu 2009. Kagwiritsidwe ntchito kake n’kosavuta: wofunsa amawerenga ma “inde” onse, ndipo akapitirira nambala inayake, amaganiza kuti munthuyo mwina akuvutika maganizo ndipo akufunika kuonedwa bwino.

Kuwerenga kotereku kumathandiza pamene namwino ali yekha pamzere wa anthu makumi asanu. Koma kumataya zambiri. Amayi awiri atha kukhala ndi ma “inde” 8 aliyense popanda funso ngakhale limodzi limene onse awiri avomera. Wina sagona, mutu ukumupweteka, m’mimba simuli bwino. Winayo amagona tulo tofa nato koma akudziona wachabechabe ndipo waganizapo zodzipha. Papepala onse ndi “8”.

Vutoli si la pepala limeneli lokha. Buku limene madokotala a ku America amagwiritsa ntchito, DSM-5, limatchula zizindikiro 9 za matenda ovutika maganizo, ndipo limati munthu akhale ndi zosachepera 5, chimodzi mwa izo chikhale kukhumudwa kapena kutaya chidwi pa zinthu. Mukachita masamu mupeza njira 227 zokwaniritsira lamulo limeneli. Mu 2015 Eiko Fried ndi Randolph Nesse anayang’ana odwala 3,703 a m’kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa STAR*D, n’kupeza misanganizo 1,030 yosiyanasiyana ya zizindikiro. Pafupifupi theka la misanganizoyo inapezeka mwa munthu mmodzi yekha. Onsewo dzina la matenda awo linali limodzi.

Apa m’pamene panayambira ganizo la ukonde.

Malungo ali ndi kachilombo, nanga kuvutika maganizo?

Munthu wa malungo amatentha thupi, mutu umamupweteka, amasanza, m’malo molumikizira mafupa mumaphwanya. Zizindikirozi zimabwera limodzi chifukwa gwero lake ndi limodzi, tizilombo ta m’magazi. Si mutu umene ukuyambitsa kusanza. Mukapha tizilomboto zonse zimatha. Kwa zaka zambiri akatswiri a zamaganizo ankaona matenda awo mofananamo: kuseri kuli chinthu chobisika chotchedwa matenda, ndipo zizindikiro ndi utsi chabe wosonyeza kuti kwinakwake kuli moto.

Gulu la ofufuza a pa yunivesite ya Amsterdam ku Netherlands, makamaka Denny Borsboom ndi Angélique Cramer, linafunsa funso losautsa. Malungo timawaona pa makina oyezera magazi, ndipo munthu atha kukhala ndi tizilombo asanayambe kumva kalikonse. Nanga ndani anaonapo matenda ovutika maganizo ali paokha, popanda zizindikiro zake? M’nkhani yawo ya mu 2010 ndi zina zotsatira, iwo anati mwina zizindikirozo zimayambitsana zokha. Munthu wachotsedwa ntchito, ayamba kuganiza kwambiri. Kuganizako kumulanda tulo. Kusagona kumutopetsa. Kutopa kumulepheretsa kuika mtima pa chimene akuchita, alakwitsa zinthu, ayamba kudziimba mlandu, ndipo usiku ukafika maganizo aja abweranso. Ngati zili choncho, ndiye kuti matendawo sali kuseri kwa zizindikiro ayi. Matendawo ndi kukokana kumeneku.

Chithunzi chake ndi ukonde, ngati wa asodzi. Chizindikiro chilichonse ndi mfundo, ndipo pakati pa mfundo ziwiri zokokana pali chingwe. Chingwe chonenepa chikutanthauza kukokana kwamphamvu. Ganizoli n’losavuta kulikonda. Chovuta n’chakuti palibe amene amaziona zingwezo. Chimene wofufuza ali nacho m’manja ndi tebulo la ma 1 ndi ma 0, mzere uliwonse munthu, danga lililonse funso. Zingwe ayenera kuzitulutsa m’tebulomo.

Ngongole yochokera ku maginito

Masamu ake sanawapange okha, anakabwereka kwa akatswiri a fizikisi. Mu 1920 Wilhelm Lenz wa ku Germany anapereka njira yosavuta yoganizira za maginito: yerekezani kuti m’chitsulo muli timaginito ting’onoting’ono tosawerengeka, kalikonse koloza m’mwamba kapena pansi, ndipo kalikonse kamakonda kuloza kumene anansi ake aloza. Wophunzira wake ku Hamburg, Ernst Ising, anawerengera nkhaniyi pa timaginito tondandalikidwa mumzere umodzi, n’kusindikiza zotsatira mu 1925. Anapeza kuti mumzere umodzi simuchitika kusintha kwadzidzidzi kumene kumasandutsa chitsulo kukhala maginito, ndipo anaganiza kuti zili chimodzimodzi paliponse. Apa anaphonya. Mu 1944 Lars Onsager anasonyeza kuti timaginito tikayalidwa ngati mphasa, kusinthako kumachitika ndithu. Ising, yemwe anali Myuda, anali atathawa ulamuliro wa Nazi kupita ku Luxembourg, ndipo anadzamva mochedwa, ali mphunzitsi ku America, kuti dzina lake latchuka chifukwa cha ntchito ya paunyamata wake.

Kuti mumvetse mtima wa Ising model, dzina limene ganizo la timaginitoli limadziwika nalo, ganizirani za msonkhano wa m’mudzi pamene amfumu anena kuti ovomereza akweze dzanja. Munthu aliyense ali ndi maganizo ake, ena amafulumira kuvomera, ena ndi okanika. Koma aliyense amaponyanso diso kumbali kuti aone ngati mnzake wakweza. Zinthu ziwiri zimenezi ndiye modelo yonse: kupendekeka kwa munthu payekha, kumene amakutcha threshold, ndi mphamvu ya chikoka cha anansi, imene ndi kunenepa kwa chingwe. Pali chachitatu chimene a fizikisi amachitcha kutentha. Chitsulo chikatentha kupitirira madigiri 770 chimataya umaginito wake chifukwa timaginito tija timangogwedezeka, osamveranso anansi. Pamsonkhano paja ndiye ngati anthu amwa, aliyense akukweza ndi kutsitsa dzanja mmene zamubwerera.

Sinthani “m’mwamba” ndi “pansi” zikhale “inde” ndi “ayi”, timaginito tikhale zizindikiro, ndipo mwafika pamene a ku Amsterdam anafika.

Tiyeni tione manambala pang’ono, chifukwa popanda iwo zonsezi zingomveka ngati nthano. Tengani zizindikiro ziwiri zokha, kusagona ndi kutopa. Chilichonse tichipatse threshold ya -1, kutanthauza kuti chikasiyidwa pachokha chimakonda kukhala “ayi”. Popanda chingwe pakati pake, masamu amati mwa anthu 100, pafupifupi 53 sakhala ndi chizindikiro chilichonse, 20 akhala osagona chabe, 20 otopa chabe, ndipo 7 akhala nazo zonse ziwiri. Tsopano mangani chingwe cha mphamvu 2. Manambala asintha kukhala 37, 13, 13 ndi 37. Anthu a chizindikiro chimodzi achepa, a ziwiri achuluka kasanu. Tikaziona mwa njira ina: munthu amene amagona bwino mwayi woti akhale wotopa ndi 27 pa 100, koma amene sagona mwayi wake ndi 73 pa 100. Chingwe ndi chimenecho, palibenso china.

Koma pali mawu amodzi amene sayenera kuiwalika. Mu ukonde wa mfundo zambiri, chingwe chimasonyeza kukokana kumene kwatsala mutachotsa kale chikoka cha mfundo zina zonse. Ngati kuganiza kwambiri kumabweretsa kutopa podzera mu kusagona kokha, ndiye kuti pakati pa kuganiza ndi kutopa sipayenera kukhala chingwe, ngakhale ziwirizi zimapezeka limodzi kawirikawiri. N’chifukwa chake kungowerenga kuti ndi zizindikiro ziti zimayendera limodzi sikokwanira. M’matenda a maganizo pafupifupi chilichonse chimayendera limodzi ndi chinzake.

Phiri la manambala ndi njira yolilambalala

Pa zizindikiro ziwiri tinali ndi misanganizo 4, ndipo tinatha kuiwerengera pamanja. Kuti mudziwe mwayi wa msanganizo umodzi muyenera kuphatikiza kulemera kwa misanganizo yonse imene ingatheke, n’kugawa. Funso lililonse lowonjezera limachulukitsa misanganizo kawiri. Mafunso 10 ali ndi misanganizo 1,024. Mafunso 20 a SRQ aja ali ndi 1,048,576. Mafunso 30 apitirira biliyoni imodzi, ndipo kompyuta iyenera kubwereza kuphatikiza kumeneku nthawi iliyonse ikasintha nambala imodzi pofufuza zingwe zoyenera. Pamenepa njira yachindunji imagonja.

Yolambalala inachokera kwa Julian Besag m’zaka za m’ma 1970. M’malo moyang’ana ukonde wonse nthawi imodzi, tengani mfundo imodzi, mufunse kuti: podziwa mayankho a munthuyu pa mafunso ena onse, mwayi woti ayankhe inde pa ili ndi wotani? Mwamwayi, mu Ising model funso limeneli ndi logistic regression wamba, njira ya masamu yowerengera mwayi wa “inde” poyang’ana zinthu zina zodziwika kale, imene wophunzira aliyense wa zaumoyo wa anthu amaidziwa. Mukachita zimenezi pa mfundo iliyonse motsatana, mafunso 20 akupatsani ma regression 20, ndipo mukawasoka pamodzi mwapeza ukonde.

Pakubuka vuto lina. Mafunso 20 atha kukhala ndi zingwe 190. Mukafunsa anthu 300, chingwe chilichonse chidzatuluka ndi kanambala kenakake, ngakhale chimene kulibe, chifukwa mwangozi zinthu zimagundana. Chithunzi chake chimakhala ngati ulusi umene mwana wasewera nawo. Mankhwala ake ndi njira yotchedwa LASSO, imene Robert Tibshirani anaifalitsa mu 1996. Njirayi ndi msonkho. Chingwe chilichonse chofuna kukhala pachithunzi chiyenera kulipira, ndipo chimene phindu lake pofotokoza mayankho silifika pa msonkhowo chimadulidwa kukhala ziro. Zotsalazo nazonso zimatuluka zitaonda pang’ono, poti zalipira. Mu 2010 Pradeep Ravikumar, Martin Wainwright ndi John Lafferty anasonyeza mwa masamu kuti kuphatikiza msonkhowu ndi ma regression aja kungathe kupeza ukonde woona, malinga zinthu zina zikakwaniritsidwa, chachikulu n’chakuti ukonde woonawo ukhale wa zingwe zochepa. Mawu amenewa tiwasunge, tibwererako.

Nanga msonkho ukhale waukulu bwanji? Ukachepa mutsala ndi zinyalala, ukakula mudula ndi zingwe zabwino zomwe. Mu 2014 Claudia van Borkulo wa ku Netherlands ndi anzake anasindikiza mu magazini ya Scientific Reports njira imene anaitcha eLasso. Kompyuta imayesa misonkho yambirimbiri n’kusankha umodzi pogwiritsa ntchito muyezo wotchedwa EBIC, umene uli ndi kabatani kake kotchedwa gamma. Kabatanika kakakwera, njirayo imakhala yaumbombo ndi zingwe. Anaika zonsezi mu pulogalamu yaulere yotchedwa IsingFit, yolembedwa mu R (chilankhulo cha pakompyuta chowerengera masamu), ndipo gamma anaisiya pa 0.25. Anaikanso lamulo lothetsa mkangano: popeza chingwe chilichonse chimayezedwa kawiri, kuchokera mbali iyi ndi mbali inayo, chimalembedwa pokhapokha mbali zonse ziwiri zitavomera. Ofufuza ambiri amene anajambula maukonde m’zaka zotsatira sanakhudze mabatani amenewa. Zosankha za anthu ochepa a ku Netherlands zinalowa mwakachetechete m’zithunzi zosawerengeka.

Paketi ya shuga pa sikelo ya venda

Tsopano funso lenileni. IsingFit yakupatsani chithunzi chokongola. Mudziwa bwanji kuti n’choona? Simungachifanizire ndi ukonde weniweni wa m’mitu ya anthu, poti palibe anauonapo.

Mlimi wochenjera akamagulitsa chimanga kwa venda amayamba waika paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi pa sikelo. Kulemera kwa shugayo akukudziwa kale. Sikelo ikanena kuti ndi magalamu 800, wadziwa zimene zichitikire thumba lake. Simulation ndi paketi ya shuga imeneyi. Wofufuza amaluka yekha ukonde, amasankha yekha zingwe ndi ma threshold, kenako amauza kompyuta kuti ipeke anthu, tinene 500, amene mayankho awo akutsatira ukondewo. Akatero amabisa ukondewo, n’kupereka tebulo la odwala opekawo ku IsingFit ngati kuti ndi enieni. Chotuluka amachifanizira ndi chimene anabisa. Amabwereza kambirimbiri, akusintha chiwerengero cha anthu, cha mafunso, ndi kalukidwe ka ukonde.

Kupeka anthuwo nakonso kuli ndi luso lake, chifukwa phiri la misanganizo lija likadali pomwepo. Pa mafunso ochepa kompyuta imatha kulemba misanganizo yonse ndi mwayi wake, n’kumatola ngati maere. Pa mafunso ambiri imagwiritsa ntchito njira ya m’banja la imene Nicholas Metropolis ndi anzake anatulukira ku Los Alamos mu 1953, n’kudzakulitsidwa ndi W. K. Hastings mu 1970. Imayamba ndi munthu wa mayankho achisawawa. Imatenga funso loyamba, iyang’ana mayankho a anansi ake, iwerengera mwayi wa “inde”, n’kuponya ndalama yopendekeka molingana ndi mwayiwo. Ipita pa funso lachiwiri, chimodzimodzi, mpaka lomaliza, n’kuyambiranso. Ikazungulira kokwanira, chiyambi chachisawawa chija chimaiwalika, ndipo chotsalacho ndi munthu mmodzi wopeka amene akumvera ukonde. Mawu akuti “kokwanira” ndi amene ali ndi minga. Zingwe zikakhala zamphamvu kwambiri, kompyuta itha kukakamira mbali imodzi, ya “ayi” okhaokha mwachitsanzo, n’kutenga nthawi yaitali isanawolokere mbali inayo. James Propp ndi David Wilson anapeza njira mu 1996 yotsimikizira kuti maere atoledwa mwachilungamo, koma ndi yochedwa. Pulogalamu ya Sacha Epskamp, yemwe anali m’gulu la ku Amsterdam lija, yotchedwa IsingSampler ili ndi njira zitatu zonsezi.

Poyesa sikelo amayang’ana zinthu ziwiri makamaka. Mwa zingwe zimene zinalipodi, ndi zingati zapezeka? Ndipo mwa malo amene munalibe chingwe, ndi angati asiyidwa opanda kanthu? Mayeso a van Borkulo ndi anzake anasonyeza kuti eLasso ndi yosamala kwambiri pa funso lachiwiri, siikonda kupeka zingwe zabodza, koma pa loyamba imadalira kuchuluka kwa anthu. Anthu akachepa imaphonya zingwe zowonda. Tanthauzo lake kwa wowerenga ndi ili: mukaona malo opanda chingwe pachithunzi, musafulumire kunena kuti zizindikiro ziwirizo sizikokana. Mwina chingwecho chinangolephera kulipira msonkho.

Koma paketi ya shuga imangoyesa sikelo pa kilogalamu imodzi. Maukonde amene anabisidwa m’mayeso oyambawo anali a zingwe zochepa, ndendende mtundu umene LASSO inapangidwira. Mu 2017 Epskamp yemweyo, pamodzi ndi Joost Kruis ndi Maarten Marsman, anachita chinthu chimene ine ndimachilemekeza: anayesa chida cha gulu lawo lomwe pamene chingathe kugwa. Anabisa ukonde umene mfundo iliyonse yamangidwa ku inzake iliyonse ndi chingwe chofanana, umene a fizikisi amautcha Curie-Weiss. Njira ya msonkho inabweza chithunzi cha zingwe zochepa, zina zonenepa zina zowonda, zina kulibiretu. Munthu wosadziwa akanakhala pansi n’kulemba masamba ofotokoza chifukwa chake chizindikiro ichi chili pakati ndipo icho chili kumphepete, pamene zoona zake n’zakuti zonse zinali zofanana. Kuchepa kwa zingwe pachithunzi si umboni wakuti m’chilengedwe zingwe n’zochepa. Njirayo inalamulidwa kale kuti idule.

Ndipo pali china chozama kuposa pamenepa. Ukonde wa Curie-Weiss uja umatulutsa mayankho ofanana ndendende ndi amene angatuluke ku modelo ya gwero limodzi lobisika, ya mtundu wa Rasch, imene oyeza mayeso a sukulu akhala akugwiritsa ntchito kuyambira m’ma 1960. Kruis ndi Gunter Maris mu 2016, ndi Marsman ndi anzake mu 2018, anaonetsa kuti ubale umenewu ndi wa Ising model iliyonse: nthawi zonse pali modelo ya magwero obisika imene imapereka tebulo lomwelo. Kumbukirani mkangano umene tinayamba nawo, wa malungo ndi kukokana. Tebulo la mayankho otoledwa tsiku limodzi silingathe kuuweruza. Kujambula ukonde sikutsimikizira kuti zizindikiro zimayambitsana, monga mmene kujambula gwero lobisika sikunatsimikizire kuti gwerolo lilipo. Chimene chingaweruze ndi kulowererapo: thandizani anthu kugona, osakhudza china, muone ngati kutopa ndi kudziimba mlandu kukutsika.

Kuseweretsa ukonde

Simulation ili ndi ntchito yachiwiri, yofunsa kuti “bwanji zitati”. Mu 2016 Cramer ndi anzake anatenga ukonde wa zizindikiro za kuvutika maganizo, wochokera ku kafukufuku wa mapasa wa ku Virginia, n’kuuyendetsa pa kompyuta akukweza ndi kutsitsa chipsinjo chochokera kunja. Mu ukonde wa zingwe zofooka zizindikiro zinkakwera pang’onopang’ono chipsinjo chikamakula, n’kutsika mofananamo chikamachepa. Mu wa zingwe zamphamvu zinkakhala phee kwa nthawi, kenako n’kubuka zambiri nthawi imodzi. Ndipo chipsinjo chitabwezedwa pamene chinali, sizinazime. Panafunika kuchitsitsa kwambiri kuposa pamenepo. Aliyense amene anaonapo m’bale wake akudwalabe maganizo patapita chaka ngongole imene inamudwalitsa itabwezedwa adzalimva ganizo limeneli m’mtima.

Kulimva m’mtima si umboni. Khalidwe limeneli n’lodziwika kale mu masamu a maginito, choncho kulipeza mu modelo yobwerekedwa ku maginito sikodabwitsa kwenikweni. Ndiponso zingwezo zinayezedwa pofanizira anthu osiyanasiyana, koma sewerolo likunena za zochitika mkati mwa munthu mmodzi tsiku ndi tsiku, ndipo kudumpha kuchoka pa choyamba kupita pa chachiwiri kumafuna chikhulupiriro. Pali ngakhale kanthu kooneka kachabe kamene kamasintha nkhani: kodi “ayi” mwamulemba 0 kapena -1? Jonas Haslbeck ndi anzake anasonyeza kuti njira ziwirizi zimafotokoza tebulo mofanana, koma manambala a zingwe ndi ma threshold amasiyana, ndipo mukayamba kukweza mphamvu ya zingwe zimapita kosiyana. Polemba 0 ndi 1, kunenepetsa zingwe kumakankhira anthu ku “inde”. Polemba -1 ndi 1, kumawagawa pawiri, ena ku “inde” okhaokha, ena ku “ayi” okhaokha. Kalembedwe kachiwirika n’koyenerera bwino nkhani za maganizo a anthu pa ndale, kumene kuvomereza ndi kutsutsa ndi mbali ziwiri zolingana, ndipo Jonas Dalege ndi anzake agwiritsa ntchito Ising model pa nkhani zoterozo. Pa matenda, kusakhala ndi chizindikiro mwina si mphamvu imene imakoka anansi, ndi kusowa chabe. Wofufuza ayenera kusankha, ndipo anene kuti wasankha chiyani.

Misampha ya m’tebulo momwemo

Mu 2017 Miriam Forbes ndi anzake anajambula maukonde a zizindikiro za nkhawa ndi kuvutika maganizo kuchokera ku kafukufuku wamkulu wa ku America ndi wina wa ku Australia, n’kulengeza kuti zithunzizo sizikugwirizana mokwanira. Borsboom ndi gulu lake anayankha kuti Ising model inagwirizana bwino ndithu, ndipo anasonyeza vuto lina m’matebulowo. M’mafunso a mtundu umenewu, munthu akayankha ayi pa funso lotsegulira, wofunsa amadumpha mafunso onse otsatira. Madanga odumphidwawo akadzazidwa ndi ma 0, anthu zikwizikwi amaoneka ngati ayankha ayi pa gulu lonse la mafunso nthawi imodzi, ndipo kompyuta imaona zingwe zamphamvu zimene zalukidwa ndi kafunsidwe, osati ndi matenda. Mkanganowo unapitirira zaka zingapo. Chimodzi chothandiza chimene chinakula m’nyengo imeneyo ndi chizolowezi choyesa kulimba kwa chithunzi: pulogalamu ya bootnet, ya Epskamp, Borsboom ndi Fried, imajambulanso ukonde kambirimbiri ikutola kapena kutaya ena mwa anthu, kuti muone ngati chingwe chimene mukuchinyadira chikukhalabe. Kawirikawiri zimapezeka kuti mndandanda wa “zizindikiro zapakati”, zimene ena amafulumira kunena kuti ndizo zoyenera kuchizidwa poyamba, umasinthasintha mukangochotsa anthu pang’ono.

Msampha wina umaoneka ngati nzeru. Wofufuza akufuna ukonde wa odwala, choncho asankha okhawo amene ma “inde” awo apitirira malire. Koma taganizani: ngati kuti mulowe m’gulu pamafunika ma “inde” 8, munthu amene alibe chizindikiro ichi ayenera kuti ali ndi china cholowa m’malo mwake, apo ayi sakanalowa. Kusankhako pakokha kumapanga zizindikiro kuoneka ngati zikukanana. Zingwe zoona zimaonda, ndipo pamabuka zabodza zosonyeza kutsutsana. Vutoli limadziwika ndi dzina la Joseph Berkson, amene analifotokoza mu 1946 pa odwala a m’chipatala, ndipo Jill de Ron, Fried ndi Epskamp analisonyeza pa maukonde pogwiritsa ntchito odwala opeka omwe aja. Popanda kupeka sakanaliona, chifukwa pa anthu enieni panalibe chofanizira.

Tibwerere ku SRQ-20. Tinene kuti wophunzira wa zaumoyo ali ndi mayankho a amayi 300 ndipo akufuna kujambula ukonde. Pulogalamu ndi zaulere, ndipo mizere itatu ya R imupatsa chithunzi madzulo omwewo. Ine ndikanamulangiza kuti asanatsegule tebulo lake aluke ukonde wa mfundo 20 wofanana ndi umene akuuyembekezera, apeke amayi 300, aone kuti ndi zingwe zingati mwa zimene anabisa zikubwerera. Ayesenso ndi ukonde wa zingwe zambiri. Asamale ndi funso la kudzipha: ngati ovomera ndi ochepa kwambiri, regression ya mfundo imeneyo ilibe poima, ndipo mfundoyo itha kuoneka yotayika payokha kumphepete, osati chifukwa siikokana ndi zina koma chifukwa panalibe anthu okwanira osonyeza kukokanako. Ndipo awerengenso mafunsowo ndi maso a munthu wamba. Papepalapo pali funso lakuti kodi mumakhala wotopa nthawi zonse, ndi lina lakuti kodi mumatopa msanga. Pali la chakudya kusagayika bwino, ndi lina la kusamva bwino m’mimba. N’zosakayikitsa kwenikweni kuti zingwe zonenepa kwambiri pachithunzi chake zidzakhala pakati pa mafunso amapasa amenewa, ndipo kompyuta ilibe njira yodziwira kuti mayiyo anangofunsidwa chinthu chimodzi kawiri.